Zimene sindinkanena pafoni zaka zonse ndili ku Joni

Mwana wa achemwali anga wamaliza Fomu 4. Tsiku lomwe analemba pepala lomaliza ananditumizira uthenga pa WhatsApp: "Malume, ndamaliza. Mundipezere ya basi ndibwere kumeneko, kuno kulibe chochita." Ndinauwerenga ndili m'takisi pochokera kuntchito, n'kubwezera foni m'thumba, ndipo panapita masiku atatu ndisanamuyankhe. Sikuti ya basiyo sindikanaipeza. Chinandigwira pakhosi n'chakuti mawu akewo ndi omwe aja ine ndinalembera msuweni wanga mu 2016 ndili ndi zaka 22, msuweniyo n'kundiyankha tsiku lomwelo kuti "tabwera iwe, kuno ndalama zili mbwee." Mnyamatayu akufuna kubwera chifukwa cha zimene ine ndakhala ndikumuonetsa: zithunzi nditatchena ku Sandton, nsapato za pa Khirisimasi, nyumba yamalata imene ndinamangira mayi. Zinazo ndinabisa. Ndiye ndati ndizilembe, aziwerenge iyeyo ndi anzake a msinkhu wake, komanso inu makolo amene mumatiimbira mwezi ukamatha.

Za ku Joni sizinayambe ndi ife. Kwathu ku Chiradzulu, agogo anga aamuna anagwirako m'migodi nthawi ya Wenela, ndipo mpaka kumwalira kwawo ankasunga bokosi lachitsulo limene anabwera nalo, mkati muli chijekete cholemera chonunkha fungo la kalekale. Ankatisimbira za ndege imene inagwa ku Francistown mu 1974 itanyamula anthu akwathu obwerera kumudzi, ndi mmene Kamuzu anapsera mtima mpaka kuletsa kulemba anthu ntchito za kumigodi. Ife ana makutu athu ankangotola za njinga ndi wailesi. Chimene sindinachiganizepo n'chakuti agogowo ankapita pa kontirakiti. Ntchito inali yowawa ndipo inawasiyira chifuwa chosatha, koma ankadziwa kogona, tsiku lolandira ndi tsiku lobwerera. Ife timalowa ndi chidindo cha masiku 30 ngati alendo odzacheza, kwinako aliyense aziona yekha. Chatsala ndi dzina chabe, pa depoti ya Wenela mu Blantyre, pamene ndinakwerera basi m'mwezi wa June.

Ndalama ya ulendo inachokera ku mbuzi ziwiri za mayi ndi katapila amene bambo anakatenga kwa mkulu wina wa pamsika. M'chikwama munali malaya atatu, setifiketi ya MSCE yokulunga m'pulasitiki, botolo la chiponde ndi usipa wa msuweni. Juzi ndinalibe. Ndinkati ife a ku Chiradzulu timakula ndi chiperoni, kuzizira kungatiphunzitse chiyani.

Njira yake ambiri mukuidziwa: Mwanza, kulowa Mozambique pa Zobue, kutentha kwa ku Tete, kuwoloka Zambezi, Nyamapanda, Harare usiku, kenako mzere wa pa Beitbridge woima mpaka miyendo kuchita dzanzi. M'basi mumadziwa msanga amene akupita koyamba, chifukwa ndi okhawo amayang'ana pawindo, enawo amangogona. Mayi wina wa geni amene ndinakhala naye mpando umodzi, wokaoda katundu wokagulitsa ku Limbe, anandifunsa ngati ndili ndi nambala ya munthu wina kupatula msuweniyo. Nditati ayi, anangoti "mwanawe," n'kundilembera yawo kuseri kwa tikiti.

Tinafika pa Park Station, depoti ya mabasi mu Johannesburg, m'mawa. Foni ya msuweni inali yozima. Ndinakhalira chikwama changa kuyambira nthawi imeneyo mpaka dzuwa kupendeka, osapita ngakhale kokataya madzi poopa kuti angandibere kapena angabwere ine kulibe. Atatulukira sindinamuzindikire msanga. Pachithunzi ankakhala atatsamira galimoto loyera, magalasi akuda kumaso. Amene anandigwira paphewa anali munthu wowonda, wovala ovolosi yothimbirira penti, milomo itang'ambika ndi mphepo. Galimoto lija linali la abwana ake, ankalitsuka Loweruka.

Kumene ananditengera ndi ku Diepsloot, kumpoto kwa mzinda, m'chisakasa chamalata chimene kuno amati mkhukhu. Tinalimo anayi, bedi limodzi, ena pansi pamakatoni. Usiku woyambawo sindidzauiwala. Johannesburg ili pamalo okwera kwambiri, ndipo kuzizira kwa June kumeneko si chiperoni chathu chija cha nkhungu ndi kamvula. Ndi kouma, kolowa m'mafupa, m'mawa n'kupeza udzu uli mbuu ndi chisanu. Mpweya wathu unkakaundana kudenga, ndipo chakum'bandakucha malata ankadontha, dontho lililonse ngati msomali pankhope. Ndinati tilowetse mbaula. Mmodzi mwa anyamatawo anandikalipira ngati ndatukwana. Anati utsi wa makala m'chipinda chotseka sununkha, umangokugonetsa osadzukanso, ndipo chaka chilichonse anthu amapezeka atauma m'mikhukhu chifukwa cha zomwezo. Ndinagona nditavala malaya onse atatu. M'mawa mwake ndinaimbira mayi. "Ndafika bwino, kuno n'kokongola, achimwenewa akundisamala." Bodza loyamba linali limenelo, ndipo linatuluka mosavuta.

Setifiketi yanga palibe anaifunsa, mpaka lero ili m'pulasitiki momwemo. Ntchito tinkaisaka poima pamphambano pafupi ndi sitolo yogulitsa simenti ndi penti, aliyense atanyamula katoni yolembapo zimene amati amatha. Pikapu ikangoima, tonse gulu thamangu, mwini wake n'kuloza ndi chala awiri kapena atatu ngati akusankha nkhuku. Ganyu yanga yoyamba inali yokumba ngalande ya mapaipi, masiku atatu, tinapangana R150 patsiku. Lachitatulo munthu uja anatisiya pamphambano paja n'kunena kuti akukatapa ndalama. Tinadikira mpaka mdima. Ndinafunsa anzanga kuti tikadandaule kuti, onse anangoseka. Masiku anga 30 anali atatsala anayi.

Nkhani ya mapepala ndi imene imalamulira moyo wonse wa kuno, ndipo ndi imene sitifotokoza kwathu. Chidindo chija si chilolezo cha ntchito. Masiku akangotha umakhala wolakwira lamulo, ndipo kuyambira 2014 malamulo akuno amati wopitiriza masiku akamatuluka amalembedwa kuti ndi wosafunika m'dziko muno: chaka chimodzi ngati wapitirira pang'ono, zaka zisanu ngati wapitirira masiku oposa 30. Anzathu a ku Zimbabwe ndi ku Lesotho anapatsidwako mapemiti apadera, ife Amalawi ayi. Ndiye ena amapereka mapasipoti kwa matransipota kuti akawadinditse kuboda, n'kumalipira mwezi ndi mwezi, osadziwa ngati chidindocho n'chenicheni kapena chosema kuseri kwa nyumba. Ambirife timangosiya, pasipoti n'kuiika pansi pa matiresi. Kuyambira pamenepo ukaona galimoto la apolisi mtima umagunda ngakhale sunabe kanthu, ndipo dzina la Lindela, malo a ku Krugersdorp kumene amasungira anthu oyembekeza kubwezedwa kwawo, limatchulidwa monong'ona. Kubanki sungatsegule akaunti, lendi ya nyumba yabwino sungasainire, ndipo malipiro amakupatsa pamanja, n'chifukwa chake akuba amadziwa kuti Lachisanu la kumapeto kwa mwezi m'thumba mwa Mmalawi muli kanthu. Ine anandilanda kawiri, kachiwiriko ndi nsapato zomwe.

Chimene ndinadzachidziwa mochedwa, ndipo ndikufuna aliyense achidziwe, n'chakuti malamulo a ntchito akuno amatetezanso munthu wopanda mapepala. Bungwe la CCMA, limene limaweruza mikangano ya abwana ndi antchito, limamva dandaulo la munthu wotero. Malipiro ochepetsetsa nawo alipo: anayamba mu January 2019 pa R20 pa ola, antchito apakhomo ali pa R15, ndipo kuyambira 2022 apakhomo anawafananiza ndi ena onse. Koma kudziwa lamulo n'kwina, kulimba mtima kukaima pamaso pa anthu a boma ulibe chidindo n'kwinanso. Mabwana ena amadziwa bwino mantha athuwo, ndipo amadyerapo.

Chilankhulo chinandichititsa manyazi kuposa njala. Ndinkati Chingerezi changa cha ku sekondale chindithandiza, koma m'takisi ukayankhula Chingerezi anthu onse amatembenuka. Takisi ya kuno saiimitsa ndi pakamwa, amaiimitsa ndi zala: chala choloza kumwamba ndiye kuti ukupita m'tauni, choloza pansi ndiye kuti pafupi pomwepa, ndipo madera ena ali ndi zizindikiro zawozawo. Kondakitala kulibe. Ndalama zimayenda mzere ndi mzere kupita kutsogolo, ndipo wokhala pambali pa dalaivala ndiye amawerengera n'kubweza chenji. Ine posadziwa ndinathamangira mpando wakutsogolo ngati ndapata. Ndalama zinayamba kundigwera pamiyendo, kumbuyo akufuula m'Chizulu kuti angati alipira zingati, ine kakasi, thukuta lili kamukamu m'nyengo yozizira. Agogo ena anandilanda ndalamazo n'kuwerengera okha, akupukusa mutu. Kuyambira tsiku limenelo ndinayamba kuphunzira Chizulu ngati mwana, mawu asanu patsiku. Liwu limene anzanga anandiphunzitsa loyamba si moni ayi, koma "indololwane," kutanthauza chigongono, chifukwa pa zipolowe za mu 2008, zimene zinayambira ku Alexandra n'kupha anthu 62, ena ankaimitsidwa panjira n'kufunsidwa dzina la chiwalo chimenecho kuti adziwike ngati ndi obwera. Taganizani, kuloweza dzina la chigongono kuti ukhale ndi moyo.

Patapita miyezi ndinapeza ntchito yosamalira maluwa ndi kapinga kwa banja lina lachizungu, masiku atatu pamlungu. Amalawi tili ndi mbiri kuno. Anthu amachita kulemba kuti akufuna wantchito wa ku Malawi, ati ndife okhulupirika, aulemu, olimbikira. Poyamba ndinkanyadira. Pano ndimaona mbali ina ya mbiriyo: amatikonda chifukwa sitiyankha, sitifunsa za ovataimu, timavomera ndalama imene mwini dziko angaikane. Ulemu umene anatiphunzitsa kwathu, wogwada ndi kuyang'ana pansi, kuno uli ndi mtengo wake ndipo wopindula si ife. Ndipo mnyamata wa kuno amene wakhala zaka osapeza ntchito akamatiyang'ana ndi diso lofiira, sindimuvomereza, koma ndimadziwa pamene mkwiyo wake wachokera. Tonsefe tikulimbirana nyenyeswa za patebulo la munthu mmodzi.

Ndisanamizire dziko la eni kuti ndi la anthu oipa okhaokha. Mayi amene tinkachita lendi kuseri kwa nyumba yawo nditachoka ku chisakasa chija anali Mpedi wa ku Limpopo. Mu September 2019, zipolowe zitabukanso mu Johannesburg, masitolo a obwera akuphwanyidwa, anatilowetsa m'nyumba mwawo masiku awiri, natiuza kuti wina akagogoda tisatsegule pakamwa, ayankha okha. Luso limene ndikudyera lero, loika matailosi, anandiphunzitsa ndi bambo wina wa ku Mozambique amene ndinkamunyamulira ndowa za simenti. Ankandimenya ndi levulo pamsana ndikapotoza mzere, koma patatha chaka anandigulira chodulira matailosi changachanga. Pamenepo m'pamene ndinasiya kuthamangira mapikapu. Munthu wa luso m'manja amatchula yekha mtengo, wopanda luso amauzidwa.

Tsopano za ndalama, pamene pagona nkhani yonse. Mwezi woyamba kulandira bwino ndinatumiza pafupifupi zonse pa Mukuru, ine n'kutsala ndi ya ufa ndi kabichi. Mayi analira pafoni, bambo anakabweza katapila uja, mudzi wonse unamva kuti mwana wa uje wayamba kutumiza. Chisangalalo chimenecho n'chokoma kuposa mowa, ndipo chimazolowereka ngati mowa womwewo. Mwezi wotsatira foni inayamba kulira. Feteleza. Fizi ya mlongo wanga. Mankhwala a azakhali. Chinkhoswe cha msuweni wina amene sitinayankhulanepo zaka zisanu. Wina ankangoyamba ndi "bwana, mwatitaya," ine n'kudziwiratu kumene nkhani ikupita. Sindinkakana, chifukwa kukana kukanaulula kuti ndilibe, ndipo ine ndinali nditauza kale dziko lonse kuti ndili nazo. Ndinafika pokongola kwa anzanga kuno kuti nditumize kwathu, kenako n'kukajambulitsa pakhomo pa sitolo yodula nditabwereka jekete.

Inu a kumudzi, randi mukaisintha m'makwacha imaoneka yambiri, koma ife sitidya makwacha. Lendi timalipira m'marandi, takisi m'marandi, palafini, magetsi ndi buledi m'marandi. Ndipo kwacha ikagwa, monga mu May 2022, kapenanso mu November 2023 pamene inatsitsidwa ndi 44 peresenti, mumati tsopano a ku Joni alemera. Chiwerengero cha pafoni chimakweradi, koma thumba la feteleza ndi la simenti nazo zimakwera, ndipo mndandanda wa zopempha umabwera wautali kuposa kale.

Bodza silinali mbali imodzi. Zaka ziwiri ndinkatumiza ndalama kwa achimwene anga kuti amange nyumba ya mayi. Ankanditumizira zithunzi za njerwa, za mchenga, tsiku lina za mafelemu a mawindo. Mnzanga wina wa transipoti atapita kwathu ndi katundu ndinamupempha kuti akadutse akajambule. Chithunzi chimene anabwera nacho chinali cha maziko omera udzu, mbuzi itagona pakati. Mafelemu aja anali a nyumba ya eni ake. Ndinaimba foni ndikunjenjemera. Achimwene sanakane. Anati, "Iwe uli pabwino, ukudya nyama tsiku lililonse, ife kuno ana akugona ndi njala. Ndikanatani?" Ndinafuna kuwauza kuti sabata imeneyo ndinali nditadya nsima ya mazira awiri masiku anayi otsatizana, koma ndikanayambira pati, popeza chithunzi cha munthu wodya nyama ndinachijambula ndine ndemwe? Sitinayankhulane chaka chathunthu.

Chinandisintha ndi maliro a bambo mu 2018. Uthenga unandipeza ndili pamaondo m'bafa ya eni ake ndikuika matailosi. Ndinawerengera: basi masiku awiri, mwina akhoza kundidikira. Kenako ndinakumbukira pasipoti ili pansi pa matiresi ija. Kutuluka kukanatanthauza zaka zisanu osabwereranso, ntchito kutha, fizi ya mlongo wanga kuima, nyumba ya mayi kuthera pa maziko. Ndinatumiza ndalama ya bokosi, ya ufa ndi ya ndiwo, ine n'kutsala. Tsiku loika, achemwali anaimba n'kuika foni m'thumba la bulauzi osadula. Ndinakhala pandowa yovundikira kuseri kwa nyumba imene tinkagwirayo, foni kukhutu. Ndinkamva amayi a Mvano akuimba, mphepo ikuwomba, mwana wina akulira chapatali, kenako phokoso la dothi likugwera pabokosi, lobanika ngati likuchokera m'madzi. Mayunitsi anathera pomwepo. Ndinakhala phee kwa kanthawi, n'kubwerera kukamaliza mzere wa matailosi chifukwa guluu wake sadikira, akauma ndiye kuti waonongeka. Kumudzi ena anati mwana uja ndalama zamulowa m'mutu, walephera n'kudzaika bambo ake omwe. Agogo aja anali ndi dzina la anthu otere, amene anapita ku Joni osabwerako: matchona. Tili ana tinkalitchula monyoza, ngati kuti anthuwo anachita kusankha.

Patapita mwezi ndinatenga pepala n'kulemba zonse: zimene ndimalandira pamwezi ukakhala wabwino ndi ukakhala woipa, lendi, takisi, chakudya, ngongole zimene ndinali nazo. Ndinalijambula n'kutumiza kwa achemwali kuti akawawerengere mayi. Ndinalembanso za chisakasa, za kulandidwa nsapato ndi za chifukwa chenicheni chimene sindinabwerere kumaliro. Ndinkayembekeza kuti akhumudwa. Mayi anaimba madzulo ake, ndipo funso lawo loyamba linali lakuti, "Nanga bulangete uli nalo?" Kenako anati ndisamatumize mwezi uliwonse, ndizitumiza nthawi ya feteleza ndi ya fizi, zinazo aziona okha monga ankachitira ndisanapite. Anthu amene ndinkawaopa kuti andiseka anali anthu oti akanandimvetsa kalekale. Zopempha za achibale akutali sizinathe, koma mayi ndiwo anayamba kuzibweza, ndipo mawu awo amalemera kuposa anga. Nyumba ija inadzamangidwa ndi achemwali, pang'onopang'ono, ndalama ikupita mwachindunji kwa wogulitsa malata ndi kwa mmisiri, lisiti lililonse n'kulijambula.

Mu March 2020 dziko lino linatsekedwa chifukwa cha Covid-19, ndipo ife a maganyu tinangoti tsiku limodzi tili pantchito, mawa lake zii. Thandizo la boma linkafuna chiphaso chimene ife tilibe. Tinapulumukira mapaketi a chakudya a kumatchalitchi ndi kumizikiti, ndi kugawana. Ambiri anakwera mabasi kubwerera, aja munawamva kuti anathawa pa Kamuzu Stadium atawasunga kuti ayezedwe. Kwathu munawatukwana kuti abweretsa matenda, ndipo kuthawako sindikukuikira kumbuyo, koma ena mwa iwo ndinkawadziwa. Anali atagulitsa foni ndi mbaula kuti apeze ya basi, akubwerera chimanjamanja kumudzi kumene ankatchedwa bwana. Msuweni wanga uja anali m'gulu la obwerera nthawi imeneyo. Pano amalima nandolo ndi tomato, ndipo akuti amagona tulo.

Chinthu china chimene wobwera kumene sachiganiza ndi imfa yake yomwe. Kunyamula thupi kuchoka kuno kukafika ku Malawi ndi ndalama zoti banja limodzi silingakwanitse. N'chifukwa chake pafupifupi aliyense ali m'kagulu ka anthu akwawo, a boma limodzi kapena a mpingo umodzi, kosonkha mwezi ndi mwezi. Ndili wamng'ono ndinkaona ngati kutaya ndalama. Ndinalowa titasonkhera mnyamata wina wa ku Thyolo amene anagundidwa ndi galimoto, thupi lake n'kukhala milungu itatu kumotchale chifukwa panalibe womudziwa bwino. Mu August 2023, nyumba ya Usindiso ku Marshalltown itapsa n'kupha anthu 76, Amalawi ambiri ali momwemo, magulu omwewa ndiwo ankayendayenda kufufuza kuti wasowa ndani, kwawo n'kuti, tiimbire yani. Anthu amenewo sankakhala m'nyumba yoteroyo chifukwa chokonda. Lendi yake ndi imene ankaikwanitsa atachotsa zotumiza kumudzi.

Mwina mukuti nanga bwanji osangobwerako. Funso limenelo ndimadzifunsa chaka chilichonse ikamayandikira Khirisimasi, matransipota akamamanga katundu pa ngolo zawo, mafiriji, njinga, matiresi. Yankho loona ndi lakuti kuno ndimapeza zimene kwathu sindikanapeza. Mlongo wanga anamaliza sukulu. Mayi sakudonthedwanso. Ndaphunzira kuphika, kuchapa, kusunga ndalama, kuyang'ana bwana m'maso n'kumuuza kuti mtengo wanga ndi uwu, ngati simukufuna pezani wina. Mnyamata amene anakhalira chikwama pa Park Station sakanatha zimenezo. Koma yankho linanso, limene ambirife sitilitchula, ndi manyazi. Umati ndibwerera ndikagula galimoto, ndikamanga yangayanga, ndikapeza mpamba wa hadiweya. Chaka chimatha, china n'kutha. Ana amene unawasiya akukwawa amayamba kukulembera mauthenga opempha ya basi. Chizulu chimayamba kulowerera m'Chichewa chako, ukaimba kwanu n'kumakuseka kuti ukuyankhula ngati mlendo, pamene kuno ukadali kwerekwere, dzina lonyoza limene amatitchula obwera. Usipa wa kwathu timaugula kwa amayi a geni pamtengo woti kumudzi mungakomoke nawo, ndipo timaudya pang'onopang'ono ngati mankhwala.

Tsiku lachitatu lija ndinamuimbira mphwanga. Tinayankhula pafupifupi ola lathunthu, ndipo ndinamuuza zambiri mwa zimene ndalemba panozi, za madontho a padenga ndi za foni m'thumba la amayi ake pamanda a agogo ake. Sindinamuletse, chifukwa ine wondiletsa akanakhalapo sindikanamumvera, ndipo ndikudziwa kuti kukhala pakhomo ndi setifiketi m'manja, kumapempha ya sopo kwa mayi ako uli ndi ndevu, nakonso ndi ululu. Ndinamuuza kuti ndimulipirira kaye aphunzire ntchito yamanja, ya mapaipi, ya magetsi kapena yowotcherera, kaya kusukulu za TEVETA kaya kwa mmisiri wa pa Limbe, chaka chimodzi kapena ziwiri. Akamaliza aone ngati kwathu komweko sikungamudyetse. Akafunabe kubwera, abwere ndi pasipoti yakeyake m'thumba mwake, osati za olowetsa anthu njira zachidule, akhale ndi ndalama yobwererera yosakhudza, ndipo masiku ake akamatha asanapeze poima akwere basi abwerere mutu uli m'mwamba. Ndinamuuzanso kuti akadzafika, tsiku loyamba lomwelo adzajambule pamene wagona n'kuwatumizira amayi ake.

Anamvetsera osandidula, mpaka ndinaganiza kuti netiweki yathawa. Kenako anati, "Ndamva malume, pepani ndithu, sindinkadziwa." Ndinapumira m'mwamba. Titatsala pang'ono kutsanzikana anatsokomola pang'ono n'kufunsa kuti, "Koma nanga anzanga awiri anyamuka Lachisanu likudzali, ndiye ndiwauze kuti akafika akuimbireni?"

Ndinamuuza kuti awapatse nambala yanga, ndipo awauze atenge majuzi.